Boti lisanyamuke ngati majekete sanakwane

Pa 15 May 2023 mvuu inagunda bwato pa mtsinje wa Shire ku Nsanje. Mbwatomo munali anthu 37, amaoloka mmamawa kupita kuminda kwawo tsidya linalo ngati mmene amachitira masiku onse, ndipo nkhani itayamba kumveka thupi lomwe linali litapezeka linali la kamwana ka chaka chimodzi pomwe anthu 23 samaoneka. Mwezi wa April chaka chomwecho ku Mchinji bwato lina linali litagubuduzika pa mtsinje wa Rusa litanyamula anthu opita kumaliro, anthu akupita kukalira mnzawo nkusanduka maliro iwo omwe. Tikabwerera mmbuyo pang'ono, pa Pasaka wa 2017 boti lodzadza ndi anthu ochokera kumapemphero linatembenuzika panyanja kufupi ndi Mlowe ku Rumphi. Zonsezi tinazimva pa wailesi, tinalemba mawu achipepeso pa Facebook, akuluakulu anapita kukaona anamfedwa, kenako zii mpakana ngozi ina.

Ine chimene chimandiwawa nchakuti tikamakambirana ngozi zimenezi timathera pa chomwe chinagubuduza bwato, wina akuti mvuu zachuluka, wina akuti mphepo, wina akuti anadzadzitsa. Zonsezo nzoona sindikukana. Koma kugubuduzika kwa bwato pakokha sikupha munthu ayi, munthu amafa mmaminitsi ochepa otsatirawo pamene ali mmadzi ndipo palibe chomugwira kuti mphuno ndi pakamwa zikhale pamwamba. Pamenepo ndi pamene pali kusiyana kwa munthu amene mawa adzafotokoze yekha zomwe zinachitika ndi munthu amene azikamufunafuna masiku atatu mmabango. Nde maganizo anga ndi awa ndipo sindizungulira: boti kapena bwato lililonse lonyamula anthu molipiritsa lisamachoke padoko ngati aliyense sanavale laifu jaketi, kuvala ndithu osati kungoiponya pansi pa mpando, ndipo udindo wogula ukhale wa mwini boti osati wa mayi amene akuoloka ndi dengu lake la tomato.

Ambiri tili ndi chithunzi cholakwika cha kumira. Timaganiza kuti munthu womira amakuwa, amakweza manja kuitana anthu, ndipo pamakhala nthawi yoti wina avule malaya alumphire mmadzi. Sizikhala choncho. Munthu amene wayamba kumira sangakuwe chifukwa kampweya kalikonse komwe wapeza akukagwiritsa ntchito popuma, manja amangomenya madzi mmbali osatha kuwakweza, mutu wapendekera kumbuyo, kumira kutuluka kumira kutuluka, ndipo odziwa za kupulumutsa anthu mmadzi amati zimenezi zimatenga masekondi 20 mpaka 60 basi munthu nkulowa pansi. Mphindi imodzi abale. Mwana amafulumira kuposa pamenepo. Tsono onjezerani kuti si munthu mmodzi, ndi anthu makumi atatu agwera pamodzi, wina wakugwira pakhosi, wina wakukoka mwendo, njinga ndi matumba a chimanga zikukugwerani pamutu, mayi ali ndi mwana kumsana ndipo chitenje chanyowa chamukulunga miyendo, bambo ali mu jombo. Olo munthu atakhala katswiri bwanji wosambira, pamenepo luso lake limachepa.

Ndikunena dala za akatswiri chifukwa yankho loyamba lomwe mungamve mukafunsa anthu a kunyanja ndi limeneli, ine ndinabadwira mmadzi, ndinayamba kusambira ndisanayambe sukulu. Ndipo sakunama, ana a ku Msaka, ku Makanjira kaya ku Usisya amasambira moti iwe wa ku Lilongwe umangoyang'ana kukamwa kuli yasa. Koma kusambira kuchoka pamwala kukafika pabwato masana dzuwa likuswa mtengo ndi nkhani ina, kusambira usiku pakati pa nyanja mafunde akukumenya kumaso osadziwa kuti kumtunda ndi mbali iti ndi nkhani inanso. Nyanja ya Malawi si dziwe, kutalika kwake kumaposa makilomita 550, pena mulifupi mwake mumafika makilomita 75, ndipo chakumpoto kuya kwake kumafika mamita 700. Mwera ukayamba kuomba kuyambira cha mu May mpaka August mafunde amakula moti ndi sitima yomwe imavutika. Sitima ya Vipya inamira pa 30 July 1946 chakumpoto kwa nyanjayi kufupi ndi Chitimba ndipo anthu 145 anathera pomwepo, imeneyo inali sitima yachitsulo yatsopano, nanga bwato losema kapena boti lamatabwa la injini imodzi ndi chani pamaso pa mwera. Komanso wosambira amatopa, amagwidwa ndi tsemwe, mwendo umatha kukokana, ndipo ngati bwato pogubuduzika lamumenya mmutu nkukomoka ndiye kuti luso lonse lija lathera pompo. Jekete simatopa ndipo yabwino imamutembenuza munthu wokomoka kuti nkhope iyang'ane kumwamba.

Pali mwayi wina umene ife tili nawo koma sitiuwerengera. Kumaiko ozizira munthu akagwera mmadzi olo atavala jekete kuzizira kokhako kumatha kumupha pasanathe nthawi yaitali. Nyanja yathu madzi ake apamwamba ndi ofunda chaka chonse, samatsika kwenikweni pansi pa madigiri 23, kutanthauza kuti munthu amene akuyandama atha kukhala ndi moyo maola ambirimbiri, atha kuchezera usiku wonse mpaka kukacha asodzi anzake nkumuona. Ndiye kuti kuno jekete imagwira ntchito yaikulu kuposa kwa azungu amene amaivala mokhulupirika aja. Ife amene tikanapindula nayo kwambiri ndi amene sitiivala.

Tsono kuvala kwake. Apa ndikufuna ndikhalitsepo chifukwa ndaonapo maboti ena oti majekete alimo ndithu koma amangidwa mtolo ndi chingwe kutsogolo kwa boti, pamwamba pake asanjikapo matumba a usipa ndi makreti, ena okwera awasandutsa zokhalira kuti thabwa lisawapweteke. Mwini boti ukamufunsa akuti alipo bwana musadandaule zikavuta tigawa. Zikavuta mugawa nthawi yanji? Boti silipereka notisi, funde limodzi lalowa, anthu onse athamangira mbali imodzi, basi latembenuzika, ndipo mtolo uja uli pansi pa boti kapena ukuyandama uko mphepo ikuupititsa kutali. Yesani tsiku lina kuvala jekete muli kale mmadzi oti simukuponda pansi mudzaona mmene zimavutira, iyo imafuna kukwera pamwamba inu mukupita pansi, dzanja limodzi lalowa linalo likukanika. Ndiye poti muli ndi mantha komanso mwamwa kale madzi, sizitheka.

Ndipo olo kuvala kumene, ambiri timangoikoleka ngati bulawuzi osamanga malamba chifukwa kukutentha. Jekete yosamanga ukagwera mmadzi imakwera nkukutsekera kumaso, makutu ali mkati, pena imavuka yokha kudzera kumutu iwe nkutsala. Malamba onse amangidwe, akokedwe mpaka igwire thupi, kenako wina akugwire pamapewa a jeketeyo akokere mmwamba, ikafika mmakutu ndiye kuti yakula kapena simunamange bwino. Ngati ili ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo ameneyo ndi wofunika kwambiri makamaka kwa ana, ndipo amayi musachite naye manyazi, chitenje chikhoza kukonzedwa bwinobwino lambayo nkudutsa. Mwana asavekedwe jekete ya munthu wamkulu, amatererekamo nkutuluka ngati nsomba. Pa jekete yeniyeni pamalembedwa kulemera kwa munthu woyenera kuivala komanso nambala ngati 50N, 100N kapena 150N. Ya 50N ndi yongothandizira munthu wodziwa kale kusambira amene ali pafupi ndi kumtunda, ngati aja opalasa kayaki. Ya 100N imanyamula pafupifupi makilogalamu 10, zimene zikumveka zochepa koma mmadzi thupi limapepuka ndipo munthu wamkulu amangofuna makilogalamu ochepa owonjezera kuti mutu ukhale pamwamba. Ya 150N ndi imene ili yoyenera pakati pa nyanja pamene pali mafunde. Kolala yake ikhale yochindikala kuseri kwa khosi, mtundu ukhale wowala ngati olenji, ndipo kawezulo kaja kamene ana amakonda kuseweretsa kasachotsedwe chifukwa usiku mawu amatha koma wezulo amamveka patali.

Nanga bwanji ndikuti agule mwini boti? Chifukwa choyamba nchodziwikiratu, wokwera ambiri ndi munthu woti ndalama yolipirira bwato yomweyo wachita kuisakasaka, kumuuza kuti agule jekete yake ndi kumuuza kuti asaoloke. Koma chifukwa chachiwiri ndi chimene ndimachiona champhamvu kwambiri. Vuto lalikulu pamadoko athu ndi kudzadzitsa. Pitani pa Kachulu pomwe anthu amakwerera maboti opita ku Chisi pa nyanja ya Chilwa, kapena madoko a ku Shire, kapena kumpoto kumene midzi ina ya mmbali mwa nyanja msewu sufikako ndipo boti ndiye basi yawo, mukaone mmene amapakirira. Anthu, njinga, mbuzi, malata, matumba a simenti, mpaka mpata wotsala pakati pa madzi ndi mlomo wa boti nkukhala ngati chikhatho chimodzi, kamnyamata kali pakati ndi chigubu chodula kakukapa madzi ulendo usanayambe nkomwe, ndipo wina akabwera mochedwa akuthamanga amamuuza kuti bwerani malo alipo. Palibe amene amadziwa kuti botilo limayenera kunyamula anthu angati chifukwa sipanalembedwe paliponse. Tsono mukanena kuti aliyense wokwera avale jekete, nambala ya majekete imasanduka malire. Boti loyenera anthu 20 likhale ndi majekete 20, akatha basi otsala adikire ulendo wina, ndipo aliyense olo wosapita kusukulu atha kuona ndi maso kuti uyo alibe jekete atsike. Pamsewu apolisi amaimitsa minibasi nkuwerenga anthu, tonse tikudziwa kuti pena zimathera mmanja koma bola lamulo likudziwika ndipo kondakitala amaliopa. Padoko palibe amene amawerenga.

Malamulo okhudza zoyenda pamadzi alipo, pali Inland Waters Shipping Act, pali Marine Department pansi pa unduna wa zamtengatenga, pali apolisi a pamadzi, ku Monkey Bay kuli sukulu yophunzitsa za pamadzi. Koma tinene zoona, ofesala wochokera ku boma sangakhale pa doko lililonse kuyambira ku Kaporo ku Karonga mpaka ku Marka ku Nsanje, madoko ndi ambirimbiri ndipo ena ndi kanjira chabe kotsikira mumtsinje. Amene alipo tsiku lililonse ndi amfumu, ndi komiti ya padoko, ndi ma Beach Village Committee amene a zausodzi anakhazikitsa kalekale ndipo amatha kulanda maukonde osaloledwa komanso kuonetsetsa kuti nyengo yotseka nyanja ikutsatidwa. Ngati anthu amenewa timawakhulupirira kuti ateteze chambo, tingalephere bwanji kuwapatsa mphamvu yoteteza anthu? Boti lopanda majekete lisapakire pa doko lawo, mwini wake alipe chindapusa kwa amfumu ngati mmene amalipira pa milandu ina, akabwereza dzina lake lipite ku boma.

Ndikudziwa kuti wina akuti kulankhula nkosavuta, jekete ndi yodula, imachokera kunja ndipo ndi mmene ndalama yakunja ikusowera mwini bwato losema amene amapeza timakobiri tochepa patsiku angagule majekete khumi ndi chani. Funso limeneli ndi lenileni ndipo sindikulipeputsa. Koma tisiyanitse. Munthu amene wakwanitsa kugula injini ya Yamaha, kukhoma boti lamatabwa ndi kumathira mafuta tsiku ndi tsiku sangandiuze kuti majekete ndi amene angamugwetse, ameneyo agule basi, ndi mbali ya mpamba wa bizinesi yake ngati mmene injini ilili. Wa bwato laling'ono woolotsa anthu pa Shire, pa Ruo kapena pa Bua ndi amene akufunika thandizo, ndipo njira zilipo. Majekete azilowa mdziko muno opanda msonkho uliwonse. Ndalama za CDF, zija za chitukuko cha mmadera a aphungu zimene amamangira timilatho, zitha kugulira doko lililonse la mdera lawo majekete, ndipo phungu amene dera lake anthu amaoloka mtsinje tsiku lililonse ndikanakonda atafunsidwa pa msonkhano kuti wagula angati. Mabungwe amene amabwera ndi mabulangete ndi ndowa madzi akasefukira, ngati mmene zinalili nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023 pomwe mabwato ndi amene amapulumutsa anthu ku chigwa cha Shire, aziikako majekete pa mndandanda wawo madzi asanabwere. Komanso jekete si roketi, ndi nsalu yolimba, thovu losamwa madzi ndi malamba, matelala athu ophunzitsidwa ndi TEVETA atha kusoka, a Malawi Bureau of Standards nkumayesa ngati zikuyandamitsadi.

Ena amati mukagawa zaulere anthu akagulitsa kapena akazisandutsa zina, si paja maneti a udzudzu anathera kugwira usipa ndi kutchingira madimba. Nzoona zinachitika ndipo zikuchitikabe. Nchifukwa chake ine sindikunena zogawira munthu aliyense kunyumba kwake. Majekete akhale a padoko, olembedwa dzina la doko ndi nambala ndi penti yaikulu kumsana, wosunga akhale mmodzi wodziwika, wokwera avale pokwera avule potsika, madzulo awerengedwe. Pa ndalama yomwe munthu amalipira pooloka pazichoka kangachepe kosungira kuti yong'ambika isokedwe kapena igulidwe ina. Midzi yathu imayendetsa mijigo mwanjira yomweyi ndipo mijigo yambiri ikugwirabe ntchito.

Chenjezo limodzi lokha pa zogula. Si chilichonse cha olenji chomwe chili jekete. Mu 2016 apolisi a ku Izmir mdziko la Turkey anapeza malo amene amasokerako majekete abodza ogulitsa kwa anthu othawa kwawo omwe amaoloka nyanja kupita ku Greece, mkati mwake anaikamo zinthu zomwa madzi zimene mmalo moyandamitsa munthu zimamulemetsa. Ndi mmene katundu wachinyengo amalowera mmisika yathu zoterezi zitha kufika kuno mosavuta lamulo likangokhwima. Ndiye jekete iliyonse yatsopano iyesedwe, munthu aivale alowe mmadzi ofika pachifuwa apinde miyendo aone ngati chibwano chikukhala pamwamba, aisiye mmadzi kwa kanthawi aone ngati ikulemera. Yakale yomwe thovu lake laphwanyika chifukwa choikhalira kapena nsalu yafumbwa ndi dzuwa imeneyo yatha ntchito. Ndipo pamene majekete sanafike, chigubu cha malita 20 chopanda kanthu chotsekedwa bwino chimanyamula pafupifupi makilogalamu 20, zigubu zingapo zomangidwa zingwe zogwirira zikhale mbwato nthawi zonse pamalo oti zitha kuyandama zokha. Si jekete, manja amatopa ndipo wokomoka sangachigwire, koma nchabwino kuposa kupanda kanthu.

Asodzi nkhani yawo ndi yovutirapo ndipo ndimawamvetsa. Munthu amene akukoka ukonde wa chilimira usiku wonse akuti jekete imatentha, imamupana popalasa, malamba amakola mu ukonde. Siginala amene amakhala yekha mkabwato kakang'ono ndi nyali zake kuitana usipa akuti ndikavala chimenechi nditembenuka bwanji. Madandaulo amenewa ndi oona ndithu pa majekete akuluakulu aja okhala ngati bokosi omwe amapezeka mu sitima. Koma alipo ena opepuka odulidwa mokwanira mkhwapa oti munthu amapalasa nkhafi bwinobwino, ndipo a zausodzi pamodzi ndi sukulu ya usodzi ya ku Mpwepwe akanakhala pansi ndi asodzi eni ake nkuyesa mitundu ingapo mpaka apeze yomwe alovi, anyamata okoka ukonde aja, angavomere kuvala. Chimene sindingavomere ndi chakuti mwini zida amene amagona kunyumba nkumadikira ndalama mmamawa azitumiza ana a eni ake pakati pa nyanja mwezi wa July opanda chilichonse chowayandamitsa. Ukonde ukang'ambika amausoka tsiku lomwelo, injini ikafa amakatenga makaniko ku Mangochi, koma mnyamata akamira amangopereka thumba la ufa pamaliro nkulemba wina. Ameneyu ndi bwana ngati bwana wina aliyense ndipo chitetezo cha antchito ake ndi udindo wake. Ndipo za mowa ndi chamba musanalowe mmadzi poti kuchotsa kuzizira, anyamata inu mukudziwa nokha anzanu angati amene anagwa mbwato ali chiimire osabwereranso.

Tisaganize kuti izi ndi za anthu akumudzi okha. Ife a mtauni ndi amene timachita zoopsa kwambiri chifukwa nyanja sitiidziwa. Tafika ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear pa wikendi, botolo lili mmanja, takwera boti lopita ku chilumba kukaona nsomba za mbuna kapena kudyetsa nkhwazi, woyendetsa watipatsa majekete ife nkumati aaa ichi chindiwonongera chithunzi, ndichotse kaye ndijambulitse. Wina wabwereka kayaki koyamba mmoyo wake, sadziwa olo kusambira, akupalasa kulowera mkati poti madzi ali bata mmamawa osadziwa kuti mphepo ikasintha kubwerera kumtunda kumakhala kovuta ndipo kayaki ikagubuduzika kukweranso uli mmadzi si masewera. Makwaya, magulu a achinyamata a kumpingo, ana asukulu opita kokaona malo, onsewa amakwezedwa mmaboti ndipo aphunzitsi kapena atsogoleri awo safunsa nkomwe za majekete, amangofunsa mtengo. Kholo lisasaine kalata yololeza mwana kupita kunyanja lisanafunse funso limeneli. Ndipo manyazi aja oti ndioneka wamantha pamaso pa anzanga, akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Pali zina zimene anthu sanena mokweza koma zili mumtima. Ena amakhulupirira kuti kuvala jekete ndi kuitana tsoka, ngati ukulosera kuti boti limira. Ena amati tsiku likakwana lakwana olo uvale chani, Mulungu ndi amene amasunga. Ine ndine wokhulupirira ndipo sindikutsutsa kuti moyo uli mmanja mwa Mulungu, koma tikawerenga za ngalawa imene Paulo anakwera itasweka pa Machitidwe 27, anthu onse 276 anafika kumtunda amoyo ndipo amene samatha kusambira anagwira matabwa ndi zidutswa za ngalawayo. Lonjezo la Mulungu linalipo koma thabwa analigwirabe. Abusa, ansembe ndi mashehe a mmadera a kunyanja akanati azinena zimenezi pa guwa ndi pa msikiti anthu akanamva msanga kuposa mmene angamvere ofesala wa boma, makamaka poti maulendo ambiri odzadza kwambiri amakhala a kumapemphero, kumaliro ndi kuukwati.

Sindikunena kuti jekete ndi mankhwala a chilichonse. Siingaletse mvuu kugunda bwato ndipo ng'ona siiopa mtundu wa olenji, pa Shire munthu woyandama akufunikabe kuvuulidwa msanga. Siilowa mmalo mwa kumvera chenjezo la a zanyengo akalengeza pa wailesi kuti mwera uomba masiku atatu, siilowa mmalo mwa kukhala pansi osaimirira mbwato, kapena kukhala ndi foni yokulungidwa mpulasitiki ndi kuuza wina kumtunda kuti tapita uku tibwera nthawi yakuti. Boti likagubuduzika koma likuyandamabe ndi bwino kuligwira osalisiya, chifukwa ofunafuna amaona boti msanga kuposa mutu wa munthu ndipo kumtunda kumaoneka pafupi pomwe kuli kutali. Malo ngati Nsanje ndi Chikwawa chofunika chenicheni ndi milatho ndi maboti olimba a injini, zimenezo tipitirize kuzifuna kwa boma mosatopa. Koma mlatho umatenga zaka ndi mabiliyoni pomwe anthu akuoloka mawa mmamawa, ndipo pa zonse zomwe ndatchulazi jekete ndi yokhayo imene ingafike padoko mwezi uno.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira padziko lonse, ambiri mwa iwo mmaiko osauka ngati lathu, ndipo chigawo cha Africa ndi chimene chiwerengero cha omira poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu chili chokwera kwambiri. Chaka chomwecho United Nations inakhazikitsa 25 July kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa kumira. Kwa ife tsikuli limagwa pakati penipeni pa nyengo ya mwera, nde kuyamba kulankhula za majekete pa 25 July ndi kuchedwa. Ntchito ichitike mu April mphepo isanayambe, a Marine ndi makhonsolo a Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Likoma, Nkhotakota, Salima, Mangochi, Zomba ndi Nsanje ayende mmadoko akuluakulu, boti lililonse lonyamula anthu lilembedwe ndi penti pambali kuti limanyamula anthu angati, majekete awerengedwe pamaso pa amfumu ndi komiti, a ana akhaleponso osachepera angapo, ndipo boti limene lalephera likokeredwe pamchenga mpaka mwini wake atakonza. Ku madoko a mmitsinje kuwerengaku kuchitike mu November mvula isanagwe, chifukwa kumeneko madzi amaopsa kuyambira December mpaka March.